Kagalimoto Komwe Kanabwera ndi Maliro

Nkhani iyi musakaifunse kwa Yotamu mwini wake, sakakuuzani. Mukamupeza pagalaja yake akukonza njinga zamoto, n'kungotchula za kagalimoto kaja, amaika sipanala pansi n'kulowa m'nyumba. Koma m'mudzi mwa Chakhala, kuseri kwa Mponela, palibe amene saidziwa, chifukwa zambiri zinachitika dzuwa likuswa mtengo, anthu ali maso, popanda ndi mmodzi yemwe woledzera.

Yotamu anali ndi mkulu wake, Eliyazi, yemwe ankagwira ntchito ku Joni. Chaka china, chimanga chitangolowa m'nkhokwe, kunabwera uthenga woti minibasi yomwe Eliyazi anakwera popita kuntchito yawombana ndi lole. Maliro anabwera pamsewu, m'ngolo yokokedwa ndi galimoto, monga amabwerera ambiri a kumeneko. Bokosi linali lomata, ndipo dalaivala anati lisatsekulidwe, pakuti mmene ngozi inamuchitira munthuyo si zoti mayi ake n'kuona. Anachisale, mayi a anyamatawo, analira atakumbatira thabwa. Anamuika m'manda osamuona nkhope.

Pamodzi ndi maliro, dalaivala anatsitsa chikwama cha zovala, bulangete, chigubu cha mafuta ofiirira chomata bwino, ndi chikatoni chachikulu chojambulidwa galimoto ya matayala akuluakulu ikudumpha mulu wa mchenga. Tsiku logawa katundu wa malemu, anthu anachizungulira chikatonicho osadziwa kuti achipereke kwa yani.

"Eliyazi ndi zidole?" anatero Anachisale, akuyang'ana Yotamu. "Munthu woti tayala la njinga likaphulika ankaikankha mpaka kunyumba kuti umumatire iwe?"

"Anagulira ine, amayi," anayankha Yotamu. "Kodi mwaiwala magalimoto a mawaya aja? Ine ndinkapanga, iwo n'kumayendetsa. Amafuna adzandipatse pa Khirisimasi."

Palibe anamutsutsa. Chikatoni chinagwera iye.

Anakachiika m'shedi ya malata kuseri kwa nyumba, momwe ankasungira zida zake. Atachitsekula anapeza kuti galimoto mulibemo. Munali timatumba ta pulasitiki tosawerengeka, tina ta timabawuti tating'ono ngati mapira, tina ta magiya, tina ta masipuling'i. Munali chitsulo chafulati choti zonse zikhalepo, matayala a mano ngati a thalakitala, limoti yokhala ndi kachiwongolero pambali, ndi injini yeniyeni, ya pisitoni ndi kabuleta, koma yokwana m'dzanja limodzi. Munalinso buku la zithunzi losonyeza chomwe chikulowa pati. Malinga ndi zithunzizo, kagalimotoko kakatha kamayenera kukula ngati mwana wa mbuzi. Mafuta a m'chigubu muja ndiwo anali ake, otchedwa naitulo, osapezeka pa filing'i siteshoni iliyonse kuno.

Ntchito ya njinga ikachepa masana, Yotamu ankalowa m'shedimo n'kuyamba kumanga. Sankathamanga nayo. Kabawuti kalikonse ankakagwira ngati dzira, poganiza kuti chinthu chomaliza chomwe mkulu wake anamuganizira nacho ndi chimenechi. Nthawi zina ankapezeka akulankhula yekha: "Achimwene, apa ndiye mwandipatsa mayeso."

Woyamba kusintha anali galu wa pakhomopo. Masiku onse ankagona pakhomo pa shedi pothawa dzuwa, koma chilowereni chikatoni chija anasamukira kukhola la mbuzi. Akamuitana ankabwera, n'kuima patali, mchira uli pakati pa miyendo, maso ali pachitseko.

Tsiku lina Yotamu anamanga difu yakutsogolo, kabokosi ka magiya komwe kamagawa mphamvu ku matayala. Inkazungulira mouma, koma anati idzafewa ikadzayamba kuyenda. Noliya, mkazi wake, anamuitanira chakudya, ndipo iye anakhoma loko n'kuponya kiyi m'thumba. Pobwerako anapeza difu ija itamasulidwa. Timagiya tonse tinali titandandalikidwa pansanza, kuyambira kakakulu mpaka kakang'ono, ndipo kumapeto kwa mzerewo kunali kawasha, kachitsulo kopyapyala ngati khoko la anyezi, komwe iye anakaiwala m'kathumba.

Anaima kakasi. Shediyo inalibe zenera. Anatuluka n'kukayang'ana loko, anabwereranso n'kuyang'ana timagiya.

"Noliya, walowa m'shedimu ndani?"

"Alowa bwanji kiyi muli naye inu?"

"Nanga wamasula zinthu zanga ndani?"

"Mwina mwamasula nokha, mwaiwala. Chichitikireni maliro mutu wanu suli pamodzi, bambo."

Anavomera kuti mwina n'zoona. Anamanganso difuyo, kawasha kaja atakaika pamalo pake, ndipo inazungulira mofewa ngati yapakidwa batala.

Koma Noliya yemweyo ndiye anadzayamba kumva zinthu. Mwamuna wake akapita ku Mponela kukagula zipangizo, iye ali pabwalo kupeta, m'shedi yokhoma ija munkamveka kaphokoso, kere, kere, kere, ngati munthu akumanga bawuti mosamala. Kakaleka, pankabwera mluzu wapansipansi, wa munthu yemwe mtima wake uli pantchito. Noliya anadziuza kuti ndi malata akulira ndi dzuwa, ndi mphepo ikulowa m'ming'alu. Mpaka tsiku lina kunabwera mayi wogulitsa usipa, wa ku Mulanje koma wokwatiwa konkuno. Ali mkati moyeza usipa m'mbale anaima, n'kupendeketsa mutu.

"Muli ndi alendo a kwathu?"

"Ayi. Bwanji?"

"Nyimbo akuimba mluzuyo ndi ya tchopa, gule wa kwathu. Chibwerereni kuno sindinaimvepo."

Onse awiri anacheukira kushedi. Loko anali lende pachitseko. Mluzu unapitirira pang'ono, kenaka zii. Mayi uja anasenza dengu lake osamaliza kuyeza, ndipo pakhomopo sanadzerenso.

Noliya atamuuza, Yotamu sanachite mantha. Maso ake anadzaza misozi.

"Ndi achimwene. Akundithandiza."

"Alamu anga tchopa anakaidziwira kuti?"

"Ku Joni kuli mitundu yonse."

"Nanga difu anakaphunzira liti?"

Yotamu anangobwerera kushedi. Anapitiriza kumanga. Anathira oyilo m'mashoka mpaka kagalimoto kakakanikizidwa kankadzuka pang'onopang'ono ngati mphaka. Anamata matayala ku malimu ndi guluu, anakhazika injini, thanki ndi ekizozi, analumikiza timawaya ta chiwongolero. M'shedimo munayamba kumveka fungo lachilendo, lotsekemera koma lolasa m'maso, chonsecho chigubu cha mafuta chinali chisanatsekulidwe. Bodi ya kagalimotoko inali ya pulasitiki yoonekera, yofunika kupenta. Anaipaka utoto wofiira, ndipo utauma analemba pambali ndi utoto woyera kuti ELIYAZI. Kutacha anapeza wofiira uli bwinobwino, koma zilembo zitayenderera pansi, osawerengeka. Anapukuta, analembanso. Zinayendereranso. Anati utotowo ndi wakale, n'kuzisiya.

Tsiku loliza injini linafika. Anakatulutsira pabwalo chakumasana, anathira mafuta, anatenthetsa pulagi, n'kuyamba kukoka chingwe cholizira. Anakoka, anakoka, mpaka zala zinatuluka matuza. Injini inkangotsokomola n'kuzima. Thukuta lili kamukamu, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Mwakamana mafuta, achimwene. Tsekulaniko kasingano ka pakabuletako. Pang'ono pokha."

Anacheuka. Kuseri kwa mpanda wa mkhadze kunaima munthu wamfupi, wojintcha, wovala ovololo yabuluu ndi kapusi yotsitsa kumaso. Dzuwa linali kumbuyo kwake, choncho nkhope sinkaoneka bwino. Chomwe Yotamu anaona n'chakuti mbali imodzi ya ovololoyo inali yodera, ngati yanyowa. Chichewa chake chinali cha kummwera.

"Mumazidziwa zimenezi, bambo?"

"Pang'ono. Ndipo kakalira musakathamangitse lero. Injini yatsopano imafuna kuinyengerera." Kenaka anafunsa, "Kodi njira ya ku Phalombe ndi iti?"

"Ku Phalombe? N'kutali kumeneko. Mupite pamsewu waukulu, mukwere ya ku Lilongwe, kumeneko mukapeza za ku Blantyre."

"Ndayesa," anatero munthuyo. "Sakundiimira."

Yotamu anawerama, anapotoza kasingano kaja pang'ono, n'kukoka chingwe kamodzi. Injini inalira mokuwa ngati mavu zikwizikwi atsekeredwa m'chitini, utsi wabuluu uli tolotolo. Anadzuka akuseka kuti athokoze. Kumpanda kunalibe munthu. Anatuluka n'kuyang'ana uku ndi uku: njira inali mbee, minda inali yokololedwa kale, popanda pobisala ngakhale mbuzi. Nkhuku zonse za pakhomo zinali zitaunjikana pansi pa nkhokwe, zili phee.

Anafunsa kwa oyandikana nawo. Mmodzi anati munthu wa ovololo anamuonapo ataima pamsewu waukulu akukweza dzanja, ma minibasi opanda anthu akungomudutsa. Wina anati munthuyo anamufunsapo njira pachigayo. Nkhope yake palibe anatha kuifotokoza.

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, Yotamu anapita nako kubwalo la mpira. Mudzi wonse unakhamukira komweko. Kagalimoto kanachita zodabwitsa: kankathamanga fumbi lili koboo, kankakwera chulu n'kuuluka, n'kutera ndi matayala onse osagubuduka. Amayi ankaululutira, achinyamata akujambula ndi mafoni. Yotamu anaseka koyamba chimwalirireni mkulu wake.

Kali pakati pa bwalo kanaima kokha. Injini inkalira pansipansi. Kenaka matayala akutsogolo anakhota pang'onopang'ono, Yotamu asanakhudze kachiwongolero, ndipo kananyamuka kulunjika kanjira ka kumadzulo. Anapotoza limoti uku, anapotoza uko, anagwira buleki, koma sikanamve. Sikankathamanganso mwamasewera. Kankayenda bwinobwino pakati pa kanjira, kakulambalala zitsa ndi maenje, ngati pali wina akukaona kuchokera pamwamba. Anthu anakatsatira akuseka, koma kuseka kunayamba kuchepa atazindikira komwe kanjirako kamathera. Mafuta anakathera m'mphepete mwa msitu wa kumanda. Kanaima pomwepo, mphuno italoza m'mitengo.

"Ndi netiweki ya mafoni yasokoneza," anatero mnyamata wina. Anthu anabalalika mmodzimmodzi, aliyense akukumbukira ntchito yomwe anaisiya kunyumba. Yotamu anakanyamula, ndipo anati kanali kozizira ngati sikanayende.

Vidiyo ya pabwalo ija inayenda m'mafoni mpaka inafika ku Joni. Patapita masiku ochepa Yotamu analandira foni kuchokera kwa Laisoni, mnzake wa Eliyazi, yemwe anathamangathamanga ndi zotumiza maliro.

"Yotamu, kagalimoto ndakaona pavidiyo kaja wakatenga kuti?"

"Kanabwera ndi katundu wa achimwene. Anagulira ine."

"Pepa, m'bale wanga. Si ka Eliyazi kameneko. Kuno konse Mmalawi yemwe anali ndi chikatoni chimenecho ndi mmodzi, Sailesi Namakhwa, mnyamata wa ku Phalombe. Ankagwira ntchito kwa bwana wina wochita mipikisano ya timagalimoto timeneti, iye ndiye ankamukonzera. Loto lake linali lodzamanga kakekake. Chikatonicho ankagona nacho kumutu. Anafera m'minibasi yomweyo, ndipo maliro awo ananyamukira limodzi. Dalaivala anasokoneza katundu basi."

Yotamu anakhala pansi, padothi. Chinamupweteka choyamba si mantha ayi, koma kudziwa kuti mphatso ija sinali mphatso. Masiku onse aja ankalankhula ndi mkulu wake m'shedi, mkulu wakeyo sankadziwa n'komwe za kagalimoto. Mantha anabwera pambuyo, pang'onopang'ono, kuyambira kumsana.

"Sailesi ameneyo anali wooneka bwanji?"

"Wamfupi, wojintcha. Ovololo yabuluu sinkamuchoka m'thupi. Ukamva mluzu pakhonde unkadziwa kuti wafika. Wafunsiranji?"

"Ndipatse nambala ya kwawo."

Anayankha foni anali bambo ake a Sailesi, a Namakhwa, munthu wachikulire wa mawu odekha. Yotamu anapepesa, nafotokoza kuti katundu wa mwana wawo anasochera, ndipo amutumiza pa basi. Akanalekera pomwepo. Koma pakamwa panapitirira pokha, mpaka ananena za difu, za mluzu, ndi za mlendo wa kumpanda.

"Mwati anafunsa njira ya kuno?" anafunsa a Namakhwa.

"Inde, bambo."

"Ife mwana wathu tinamuika kunoko. Bokosi lake linafika, lomata." Anapuma mozama. "Koma mayi ake akukana kumeta mpaka lero. Akuti iwo sangamete, mwana wawo sanafike. Tinkati ndi chisoni chawazunguza mutu. Musatumize pa basi, mwana wanga. Ndibwera ndekha."

Patapita masiku ochepa a Namakhwa anafika chakumasana, atavala jekete yakuda yothina m'mapewa, chipewa chili m'manja. Anachisale anawalandira, ndipo makolo awiriwo anapepesana ngati anthu odziwana kalekale. Yotamu anatulutsa kagalimoto atakapukuta, n'kukaika pamphasa. Mkuluyo anakasisita padenga nthawi yaitali.

"Akaimba foni nkhani inali yomweyi," anatero. "Ankati akadzabwera adzakayendetsa pabwalo la sukulu, mudzi wonse udzaone. Ine ndinkamukalipira kuti munthu wamkulu sasewera ndi zidole. Tandilizireni kamodzi kokha, ndione chomwe chinamudya mtima."

Noliya anayang'ana mwamuna wake n'kupukusa mutu. Koma mlendo wofedwa ungamukanize bwanji? Yotamu anathira timafuta tochepa, tongokwana kuzungulira bwalo la pakhomo, n'kukoka chingwe.

Sikanadikire. Kanatuluka pachipata ngati kakuthamangitsidwa, n'kukhotera kumadzulo. Yotamu anazimitsa limoti. Kanapitirira. Anatsekula kumbuyo kwa limotiyo, mabatire n'kugwera m'fumbi, koma kulira kwa injini kunkangopita kutsogolo. Anayamba kuthamanga, a Namakhwa ali pambuyo, chipewa chitatayika m'njira. Anthu anatuluka m'nyumba atamva phokoso, ndipo ataona komwe awiriwo akulowera, amayi anayamba kukokera ana m'nyumba.

Pamphepete pa msitu Yotamu anaima, pakuti kumanda salowako chilowelowe. Koma phokoso linali mkati, ndipo linali litasintha: silinali la chinthu choyenda, linali la chinthu cholimbana. A Namakhwa anamudutsa n'kulowa. Yotamu anawatsatira.

Anakapeza pamwamba pa mtumbira wa Eliyazi. Kanali katakankhira nkhata zouma pambali, mphuno kataizika m'dothi, matayala onse akuzungulira malo amodzi. Dothi lofiira linkauluka kumbuyo n'kumagwera pamitanda ya manda ena. Kakakumba n'kutitimira, kankabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kulowanso pomwepo. Timafuta tija tinayenera kukhala titatha kalekale. Thanki yake, yomwe inali yoonekera mkati, Yotamu ankaiona ndi maso ake, inali gwa, youma. Utsi unadzaza pansi pa mitengo, wolasa m'maso, ndipo mbalame zonse za m'msitumo zinali zitathawa.

Yotamu anangoima, limoti yopanda mabatire ili m'manja.

A Namakhwa anagwada m'mphepete mwa mtumbira, dothi likuwagwera pajekete. Anayamba kulankhula m'Chilomwe, motsitsa, ngati mmene munthu amalankhulira ndi mwana wodzidzimuka kutulo. Yotamu sanamve mawu ena, koma dzina la Sailesi analimva. Atalitchula kachiwiri, injini inazima. Matayala anazungulira pang'ono, n'kuima.

Bata lomwe linagwa pamenepo linali loopsa kuposa phokoso lija.

Atatuluka anapeza mudzi wonse utaima patali, Anachisale ali patsogolo. Madzulo amenewo akuluakulu anasonkhana pakhomo, ndipo mawu anali ambiri. Ena ankati kagalimotoko katenthedwe. Ena ankati mlendoyo wabwera ndi mankhwala. Malume ake a Yotamu anati za kufukula maliro asazimve n'komwe, m'banja mwawo sizinachitikepo. A Namakhwa anangokhala chowerama, osapempha kanthu. Anachisale anamvetsera onse mpaka anatha, kenaka analankhula maso ali pansi.

"Bambo awo a ana awa atamwalira, ndinkawalota. Mwana wanga wamkazi atamwalira, ndinkamulota. Eliyazi sanandibwerere ngakhale kamodzi. Ndimapita m'mphepete mwa msitu muja kukamuitana, mtima wanga osamva kanthu, ngati ndikugogoda panyumba ya eni. Ndinkaopa kunena." Anadzutsa mutu. "Fukulani."

Zinatenga masabata, kuyenda m'maofesi kupempha chilolezo. Tsiku lake kunabwera apolisi ndi a zaumoyo, ndipo adzukulu anakumba m'mawa atamanga nsalu kumphuno. Bokosi litatsekulidwa, anthu anabwerera m'mbuyo. Anachisale okha ndi a Namakhwa ndiwo anasendera.

Nkhope panalibe yoti n'kuizindikira. Koma kumiyendo kwa bokosilo kunali mpata waukulu, wotsekedwa ndi bulangete lopindapinda.

"Wanga anali wamtali," anatero Anachisale. "Pakhomo panga ankalowa chowerama. Uyu ndi mwana wa eni."

A Namakhwa anayang'ana dzanja lamanzere la malemuyo, pomwe chala chachikulu chinali chodukira pamfundo. Anati tcheni cha njinga chinamudula ali mwana. Atatero anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi manja.

Munthu yemwe Yotamu anamulira, yemwe anamunyamula paphewa, yemwe anamuthira dothi, anali yemwe uja anaima kumpanda kufunsa njira.

Komabe m'chisonimo munali kachiyembekezo. Ngati Sailesi anagona kwa Chakhala, ndiye kuti Eliyazi anagona ku Phalombe. Anapeza lole, anakweza bokosi ndi kagalimoto komwe, ndipo Anachisale anakakamira kupita nawo. Anagula nsalu yoyera yatsopano yoti akafunditse mwana wawo, ndipo ulendo wonse anaifungatira pamiyendo.

Kumudzi kwa a Namakhwa, m'tsinde mwa phiri la Michesi, mayi ake a Sailesi anathamangira lole isanaime. Palibe anali atawauza kuti bokosi lili mbali iti, koma anafikira pomwepo, n'kulira maliro ngati uthenga wangofika tsiku lomwelo. Kutacha anthu a kumeneko anafukula manda awo. Yotamu anaima pambali pa mayi ake, atawagwira mkono. Chivundikiro chinatsekulidwa.

Munali mzimayi. Tsitsi lake linali lolukidwa bwino, ndipo m'khutu limodzi munali ndolo.

Palibe analira. Adzukulu anayang'anana, wapolisi anavula chipewa. Anachisale anayang'ana m'bokosimo nthawi yaitali, kenaka anayang'ana Yotamu ngati mwana wofunsa chinthu kwa wamkulu.

"Nanga wanga ali kuti?"

Mayiwo anatambasula nsalu yoyera ija, anawerama, n'kumufunditsa mzimayi wosadziwikayo, mpaka kumapazi.

Laisoni anamusaka dalaivala uja mpaka anamupeza pafoni. Iye anavomera kuti m'ngolomo munali mabokosi atatu, ofanana. Mvula inawapeza m'njira, timapepala ta mayina tinanyowa n'kumatuka, ndipo iye anatibwezera mmene ankakumbukira. Bokosi loyamba analitsitsa ku Mozambique, asanafike pachipata cha Zobuwe, pamphambano ina pomwe anthu ankadikira ndi ngolo ya ng'ombe. Anali amuna okhaokha, olankhula Chinyungwe, ndipo anati akulandira mlongo wawo. Mudzi wawo sanaufunse. Nambala yomwe ankalankhulirana nawo inali itasiya kugwira.

Sailesi anaikidwa kwawo tsiku lofukula lomwe lija, ndipo mayi ake anameta. Mzimayi uja anamubwezera m'manda momwe anali, ndipo anthu a ku Phalombe amalimirira mtumbira wake pamodzi ndi ya abale awo. Kagalimoto a Namakhwa anafuna kumupatsa Yotamu, kuti ndiye anakamanga. Iye anakana. Kanatsala komweko, pamwamba pa kabati, ndipo akuti sikanavutepo.

Yotamu wapitako kangapo kutsidya kwa Zobuwe. Amatsika pamphambano iliyonse, n'kumafunsa ngati kuli banja lomwe linalandira maliro a mwana wamkazi kuchokera ku Joni, m'bokosi lomata. Mabanja otero ndi ambiri kumeneko. Ena amamumvera chisoni n'kumupatsa madzi akumwa. Ena akamva kuti nkhani yake ikulowera kofukula manda, amamulozera njira yobwerera.

Kwa Chakhala, adzukulu anafuna kukwirira dzenje lija, pakuti manda sakhala kukamwa, amaitana wina. Anachisale anakana. Akuluakulu anawanyengerera, abusa anabwera kudzawapempherera, koma iwo anati malo a mwana wawo asatsekedwe iye asanafike. Pomaliza anagwirizana zovundikirapo malata, n'kutsamiza miyala m'mbali. Mvula yagwa, yapita, yagwanso. Malata akachita dzimbiri, Yotamu amakasintha.